Akamati malikisi a ana akwera m'masukulu a m'mizinda ya ku America, fufuzani chonchi

Pafupifupi chaka chilichonse kumatuluka nkhani yofanana kuchokera ku America, meya wa mzinda wina kapena bwana wamkulu wa masukulu waima kutsogolo kwa makamera, kumbuyo kwake kuli gulafu ya mizere yolozera kumwamba, akuti ana athu akhoza kuposa kale ndipo si ana a azungu okha ayi, akuda, a Hispanic (a mabanja ochokera ku maiko a Latin America), a m'mabanja osauka, onse akwera. Nthawi zina zimakhala zoona ndithu. Nthawi zina ndi chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Ukamangomvera pa nyuzi sungasiyanitse, ndiye ndati ndilembe momwe ine ndimachitira ndikakumana ndi lipoti lotere. Sizifuna digiri ya masamu, zimangofuna intaneti ndi kudekha basi.

Musanayang'ane nambala iliyonse funsani kaye, mayeso ake ndi ati? Ku America steti iliyonse ili ndi mayeso akeake, a ku Texas ndi ena, a ku New York ndi ena, ndipo pasimaki amaika okha eni steti. Izi zinalimba mu January 2002 pomwe George W. Bush anasaina lamulo la No Child Left Behind, lomwe linati mwana aliyense kuyambira giredi 3 mpaka giredi 8 azilemba mayeso a kuwerenga ndi masamu chaka ndi chaka, ndipo zotsatira zizilengezedwa mogawa, akuda paokha, azungu paokha, osauka, olumala, amene akuphunzira kumene Chingerezi. Kugawako kunali kwabwino kwambiri, chifukwa kale sukulu imatha kubisa ana amene akutsalira mkati mwa avereji yokongola ya onse. Koma lamulo lomwelo linatinso pofika 2014 ana onse akhale atafika mulingo wokhoza, 100 peresenti, ndipo sukulu yolephera imakumana ndi zilango. Tsono taganizani, munthu wakuuza kuti ana onse adumphe chingwe apo ayi ntchito ithe, kenaka wakupatsa iweyo chingwecho kuti umangirire pomwe ukufuna, ungachikweze? Lamuloli linalowedwa m'malo ndi lamulo lina lotchedwa ESSA mu December 2015 nthawi ya Obama, zilango zinafewa, koma mayeso a steti akadalipo ndipo ndi amene mabwana amakonda kutchula.

Ndiye mufunika sikelo ina yomwe meya sangaigwire. Imeneyo ndi NAEP, mayeso a boma lalikulu omwe anayamba mu 1969, amayendetsa ndi a NCES, nthambi ya boma yoona za ziwerengero za maphunziro. Salemba ana onse, amangotola sampulo, ndipo palibe mwana kapena tichala amene amalandira malikisi akeake, ndiye palibe amene amapindula pobera kapena poloweza ana mayankho. Masamu ndi kuwerenga a giredi 4 ndi giredi 8 amalembedwa zaka ziwiri zilizonse, malikisi ake amayenda kuyambira 0 mpaka 500. Kwa ife amene tikufuna za mizinda pali gawo lake lotchedwa TUDA, linayamba mu 2002 bungwe la masukulu a m'mizinda ikuluikulu la Council of the Great City Schools litapempha lokha kuti liziyezedwa. Poyamba inali mizinda 6 yokha, Atlanta, Chicago, Houston, Los Angeles, New York ndi Washington DC, pofika 2019 inali itakwana 27. Ngati mzinda womwe ukudzitamawo uli mu TUDA, ikani manambala awiriwo pambali pa mnzake. Mayeso a steti akwera kwambiri koma NAEP yangoima, pamenepo dziwani kuti pali kanthu.

New York ndi chitsanzo chomwe ndimachikonda. Mu 2009 ana pafupifupi 82 pa 100 alionse a mumzindawu amawerengedwa kuti akhoza masamu pa mayeso a steti, anthu kuwomba m'manja. Mu 2010 steti inavomereza kuti pasimaki inali pansi kwambiri n'kuikweza, ndipo nambala ija inagwa kufika pafupifupi 54. Pa Chingerezi kuchoka pafupifupi 69 kufika 42. Ana omwewo, matichala omwewo, palibe mwana anaiwala masamu usiku umodzi, chingwe chokha ndi chimene chinasuntha.

Za ku Atlanta ndi zoopsa kuposa pamenepo. Kumeneko malikisi a mayeso a steti ya Georgia amakwera modabwitsa, mpaka atolankhani a nyuzipepala ya Atlanta Journal-Constitution anayamba kufunsa kuti zikutheka bwanji kalasi yomwe chaka chatha inali kumunsi chaka chino ikhale pamwamba penipeni. Mapepala a mayankho a 2009 atawaunika anapeza chinthu chimodzi chosavuta kumva: pa pepala lomwe mwana amadetsa kabwalo ndi pensulo, makina amaona pomwe pafufutidwa, ndipo m'makalasi ena pafupifupi pofufuta paliponse yankho limachoka polakwa kupita pokhoza. Mwana weniweni akamasintha maganizo nthawi zina amachoka pokhoza kupita polakwa, sangamalase bwino nthawi zonse. Lipoti la ofufuza la mu 2011 linatchula matichala ndi mahedi 178 m'masukulu 44, ena amachita kukumana kumapeto kwa sabata kukonza mapepala a ana, ndipo mu 2015 khothi linapeza 11 olakwa. Amene anapwetekeka kwambiri ndi ana akuda a m'mabanja osauka, chifukwa pa pepala amaoneka kuti akhoza ndiye thandizo lapadera lomwe akanalandira sanalione. Koma nachi chomwe anthu ambiri amaiwala, pa NAEP pomwe sipanapezeke kubera, Atlanta inakweranso m'zaka zomwezo. Ndiye kukwera kwenikweni kunalipo, kungoti anthu ena anaona kuti sikukukwana. Ndi chifukwa chake ndimati musamangothamangira kunena kuti zonse ndi bodza.

Chachiwiri, yang'anani ngati akukupatsani peresenti ya okhoza kapena avereji ya malikisi. Ine peresenti ya okhoza sindiikhulupirira kwenikweni. Tiyerekeze kuti pasimaki ndi 60. Mwana wachoka pa 58 kufika 61, ameneyo awerengedwa, sukulu yakwera. Mwana wina wachoka pa 20 kufika 45, walimbikira kuposa mnzake uja kutali, koma pa peresenti sakuoneka n'komwe. Ndiye sukulu yochenjera imaika mphamvu zonse pa ana amene ali pafupi ndi mzere, ku America amawatcha bubble kids, otsalira kwambiri aja n'kuwasiya. Ndiponso gulu lomwe ana ake ambiri aunjikana pafupi ndi mzere limaoneka ngati likuthamanga kwambiri, pomwe gulu lomwe lili kutali ndi mzere limaoneka ngati laima chikhalirecho onse akwera mofanana. Funani avereji. Ndipo samalani ndi mawu oti Proficient pa NAEP, ndi mulingo wokwera ndithu, satanthauza kuti mwana amene sanafikepo ndiye kuti satha kuwerenga, pansi pake pali Basic, ndipo eni mayeso amanena okha kuti Proficient si chimodzimodzi ndi mulingo wa giredi.

Tsopano tsegulani NAEP Data Explorer, ili pa webusaiti ya Nation's Report Card, ndi yaulere. Musankha phunziro, giredi, mzinda, zaka, kenaka gulu. Poyerekeza musatenge avereji ya dziko lonse yokha, pali mzere wina wolembedwa large city, umenewo ndi masukulu a m'mizinda ya anthu 250,000 kupita m'mwamba, ndiwo anzake enieni a mzinda wanuwo. M'malipoti a NAEP kanyenyezi kali pambali pa nambala kakutanthauza kuti kusiyanako ndi kwenikweni malinga ndi kawerengedwe kawo, ngati palibe ndiye kuti mwina ndi mwayi chabe wa ana omwe anatoledwa chaka chimenecho. Izi ndi zofunika kwambiri mukayamba kugawa magulu, chifukwa sampulo imachepa, ndiye mapoyinti 2 kapena 3 a gulu limodzi mumzinda umodzi nthawi zambiri si nkhani. Malo ena mupeza kachizindikiro m'malo mwa nambala, ndiye kuti ana a gulu limenelo anachepa kwambiri moti sangalengeze, zimachitika m'mizinda momwe ana a azungu m'masukulu a boma ndi owerengeka. Anthu amakonda kunena kuti mapoyinti 10 kapena 11 ali ngati chaka chimodzi cha sukulu, ndi kuyerekeza chabe koma kumathandiza kuti muone kukula kwa chinthu.

Apa ndiye pamene anthu amasokonezeka. Kukwera kwa magulu onse ndi kuchepa kwa mpata pakati pa magulu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ana akuda akakwera ndi 6, azungu n'kukweranso ndi 6, onse apindula inde, koma mpata uli pomwepo. Ndipo mpata utha kuchepa m'njira yoipa, apamwamba atsika apansi osasuntha, bwana n'kulengeza kuti tatseka mpata. Ndiye musalole kuti akupatseni nambala ya mpata yokha, lembani manambala anayi, gulu ili kale ndi pano, gulu ilo kale ndi pano, muchotsere nokha. Washington DC ndi malo abwino ophunzirirapo, malikisi ake pa NAEP anakwera kwambiri kuyambira m'ma 2000, ana akuda nawo anakwera, koma mpata wa akuda ndi azungu kumeneko ndi umodzi mwa ikuluikulu kwambiri m'dziko lonselo, chifukwa azungu ambiri a ku DC ndi ana a anthu ophunzira zedi komanso a ndalama.

Za ndalama nazo zili ndi msampha wake. Mayeso safunsa mwana kuti bambo ako amalandira zingati, ndiye kwa zaka zambiri njira yodziwira wosauka inali chakudya cha kusukulu. Banja lomwe limapeza ndalama zosapitirira 130 peresenti ya mzere wa umphawi mwana amadya ulere, mpaka 185 peresenti amalipira pang'ono. Vuto loyamba, gulu limeneli ndi lalikulu, muli mwana wogona kumalo osungira osowa pokhala komanso mwana amene makolo onse awiri ali pantchito, onse dzina limodzi. Vuto lachiwiri linabwera ndi lamulo la mu 2010 lomwe linalola masukulu okhala ndi osauka ambiri kudyetsa ana onse ulere popanda kudzaza mafomu, ndipo linafika dziko lonse cha mu 2014. Kwa ana ndi zabwino, palibe amagona ndi njala m'kalasi. Koma kwa ife owerenga manambala, m'mizinda ina ana omwe si osauka anayamba kuwerengedwa m'gulu la osauka, avereji ya gululo n'kukwera yokha popanda wina kuphunzira kanthu. Mukaona malikisi a osauka adumpha cha m'zaka zimenezi, onaninso ngati chiwerengero cha otchedwa osaukawo sichinadumphe nacho. Pa giredi 8 pali njira ina yothandizira, ana amafunsidwa kuti makolo awo anaphunzira mpaka pati, ndiye mutha kugawa motero.

Musasiye mtundu paokha ndi ndalama paokha, phatikizani. Yerekezani mwana wakuda wosauka ndi mzungu wosauka, wakuda wopeza bwino ndi mzungu wopeza bwino. Mpata umachepa koma nthawi zambiri sutha. Nkhaniyi ndi yakale, lipoti la James Coleman la mu 1966 linapeza kale kuti banja lomwe mwana akuchokera komanso anzake omwe amakhala nawo m'kalasi zimalemera kwambiri pa malikisi. Sean Reardon, wofufuza wa ku yunivesite ya Stanford, mu 2011 anati mpata wa ana a olemera ndi a osauka wakula moti tsopano ukuposa wa akuda ndi azungu pafupifupi kawiri, pomwe zaka 50 m'mbuyomo zinali mosemphana. Eric Hanushek ndi anzake anatsutsa, iwo anati mpata wa ndalamawo sunakule, wangokhala waukulu chomwecho kwa zaka zambiri. Ine sindingawaweruze akuluakuluwa, koma onani kuti palibe mwa iwo akunena kuti watha. China chomwe Reardon anapeza pambuyo pake n'choti mpata wa mitundu umakula kwambiri komwe ana akuda ndi a Hispanic aunjikidwa m'masukulu odzaza ndi umphawi pomwe azungu ali kwina, ndiye mukamaona mzinda funsaninso kuti ana ake amakhala bwanji, osakanikirana kapena ayi.

Kenaka funsani, ana ake ndi omwewo? Mzinda umasintha anthu. Tiyeni tipange masamu ongoyerekeza. Ana 100, mwa iwo 60 opeza bwino avereji yawo 250, ndi 40 osauka avereji 210, avereji ya onse ikhala 234. Patapita zaka opeza bwino ambiri asamukira kunja kwa mzinda, atsala 30 ndipo akwera kufika 255, osauka achuluka kufika 70 ndipo nawo akwera kufika 218. Magulu onse awiri akwera eti? Koma avereji ya onse yatsika kufika 229. Wina alemba kuti masukulu akugwa chonsecho gulu lililonse likuchita bwino kuposa kale. Zimachitikanso mobwerera, anthu a ndalama akayamba kulowa m'madera omwe lendi yakwera, osauka n'kukankhidwira kunja, avereji imakwera popanda tichala kuchita chilichonse chatsopano. Ndiye nthawi zonse yang'anani peresenti ya gulu lililonse chaka choyamba ndi chaka chomaliza. Masukulu a charter, omwe amalandira ndalama za boma koma amadziyendetsa okha, nawo amasokoneza, ku DC ana pafupifupi theka la a masukulu a boma ali ku charter, ndiye onetsetsani ngati nambala yomwe mukuwerenga yawaphatikiza kapena ayi.

Palinso amene sanalembe n'komwe. Ana olumala ndi amene sanadziwebe Chingerezi nthawi zina amachotsedwa pa mayeso, ndipo ukachotsa ambiri avereji imakongola. Mu 2010 bodi ya NAEP inaika cholinga choti ana osachepera 95 peresenti mwa otoledwa azilemba, ndi 85 peresenti mwa olumala ndi ophunzira Chingerezi. Manambala amenewa amakhala kumapeto kwa lipoti komwe anthu safikako. Ngati steti imabwereza ana a giredi 3 amene sakutha kuwerenga, ngati Florida ndi Mississippi, dziwaninso kuti giredi 4 yomwe ikuyezedwa yasefedwa kale pang'ono. Sindikuti kukwera kwawo ndi kwabodza, koma onani ngati kukufika mpaka giredi 8.

Chinthu chomwe ndimachiona chofunika kuposa zonse ndi ichi: malikisi okwera si chizindikiro choti sukulu ndi yabwino, atha kungokhala chizindikiro choti ana anabwera kale ali patsogolo. Chomwe chimaonetsa ntchito ya sukulu ndi mtunda womwe mwana wayenda kuchoka pomwe anayambira. NAEP siitsata mwana yemweyo, giredi 4 ya chaka chino ndi ana ena, ya zaka ziwiri zapitazo ndi ena. Apa ndi pomwe Stanford Education Data Archive imathandiza, anatenga mayeso a masteti onse n'kuwaika pa sikelo imodzi. Mu 2017 Reardon anaona za Chicago, mzinda womwe anthu amangouneneza zoipa, n'kupeza kuti ana a giredi 3 amayamba ali m'mbuyo kwambiri poyerekeza ndi dziko lonse, koma pofika giredi 8 amakhala ataphunzira za zaka pafupifupi 6 m'zaka 5, liwiro loposa madera a masukulu 96 pa 100 alionse ku America, ndipo sikunali kwa mtundu umodzi wokha ayi. Ukangoyang'ana avereji ya giredi 8 uti Chicago palibe chikuchitika, chifukwa akadali pansi pa avereji ya dziko. Ndipo kuli madera a anthu olemera komwe malikisi ali pamwamba koma ana akungoyenda mwa masiku onse.

Pomaliza onani chaka chomwe ayambira kuwerenga, chifukwa munthu akasankha yekha poyambira atha kukuonetsani chilichonse. M'mizinda yambiri kukwera kwakukulu kunachitika kuyambira 2003 mpaka cha mu 2013, makamaka masamu, ndipo mizinda ikuluikulu inayandikira avereji ya dziko. Kuchoka pamenepo zinthu zinayamba kuima, ndipo Covid isanabwere n'komwe ana a kumunsi kwenikweni anali atayamba kale kutsika pomwe apamwamba ali bwinobwino. Ichi simungachione pa avereji, mu Data Explorer sankhani ma percentile, muyerekeze wa 10 (ana a kumunsi) ndi wa 90 (ana apamwamba). Kenaka mu 2022 masamu a giredi 8 anagwa ndi mapoyinti 8 dziko lonse, a giredi 4 ndi 5, kuwerenga ndi 3. Ndiye bwana akati takwera kuchokera 2022, akuyambira m'dzenje, mufunseni za 2019, kapena 2013 kumene.

Kuti muyesere, tengani Los Angeles. Mu 2022 pomwe ena amagwa, kuwerenga kwa giredi 8 kumeneko kunakwera ndi mapoyinti 9, anthu anadabwa. Tsegulani Data Explorer, sankhani Los Angeles, giredi 8, kuwerenga, zaka 2019, 2022 ndi 2024, mugawe a Hispanic, akuda, azungu ndi osauka, mulembe pa kapepala avereji ya gulu lililonse ndi peresenti yake pa ana onse, muyang'ane ngati kusiyanako ndi kwenikweni, kenaka muone nokha ngati 9 uja anakhalitsa.